Fodya wotenthetsa: poizoni akuti wachepa, koma anawerenga uti?

Mu November 2014 kampani ya Philip Morris International inayamba kugulitsa kachipangizo kotchedwa IQOS mumzinda wa Nagoya ku Japan ndi ku Milan ku Italy. Kukula kwake n'kofanana ndi cholembera chonenepa. Umalowetsamo kandudu kakafupi, n'kudina batani, batire n'kuyamba kutenthetsa fodyayo. Machesi safunika, lawi silioneka, phulusa logwera pamalaya palibe. Pakatha mphindi 6, kapena ukakoka ka 14, kamazima kokha ndipo kanduduko umataya.

Makampani ena sanachedwe. British American Tobacco inatulutsa glo ku Sendai mu December 2016, Japan Tobacco ili ndi Ploom, ndipo KT&G ya ku South Korea inabwera ndi lil mu 2017. Malonda anayambira kutentha ku Japan chifukwa malamulo a kumeneko salola kugulitsa m'masitolo timadzi ta vape tokhala ndi nikotini, choncho wofuna china m'malo mwa ndudu analibe kwina kolowera. Lero zipangizozi zili m'mayiko ambiri. Amene amakhala ku Johannesburg kapena ku London anazionapo m'mashopu owala ngati ogulitsa mafoni, momwe wogulitsa amakulandira ngati wabwera kudzagula laputopu.

Tisasokoneze ndi vape. Vape imatenthetsa timadzi, mulibe tsamba la fodya. Izi tikunenazi muli fodya weniweni, wogayidwa n'kusakanizidwa ndi madzi, glycerol ndi zomatira, kenako n'kuumbidwa ngati pepala lopyapyala lomwe amalipinda m'kandudu. Glycerol ndi amene amapanga chiutsi choyera chija munthu akapuma.

Mawu amene makampaniwa amagulitsira malonda awo ndi amodzi: fodyayu sapsa, amangotenthedwa, choncho mankhwala oipa amachepa ndi 90 mpaka 95 peresenti poyerekeza ndi ndudu wamba. Si bodza lamkunkhuniza. Koma nambalayo ili ndi mbiri yake, ndipo imanena zochepa kuposa zimene munthu amamva akaiwerenga pachikwangwani.

Tiyambe ndi nkhani ya kupsa. Nsonga ya ndudu ikamanyeka imapitirira madigiri 600, ndipo wosuta akakoka imatha kufika pa 900. Pa moto woterowo tsamba limaphwasuka n'kutulutsa mitundu ya mankhwala yoposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iyo imadziwika kuti imayambitsa khansa. IQOS yoyambirira inali ndi kachitsulo kopyapyala kolasa pakati pa fodya, kofika pa madigiri 350 basi. Glo imatentha mocheperapo. Ndiye amati popanda moto palibe utsi, chomwe chikutulukacho ndi nthunzi chabe.

Aliyense amene anaonapo uvuni wa makala akhoza kukayikira pamenepa. Wowotcha makala amaunjika mitengo, n'kuikwirira ndi dothi kuti mpweya uzilowa pang'ono. Lawi silioneka, komabe uvuniwo umafuka masiku angapo, utsi wake woyabwa m'maso ndi wotsamwitsa, ndipo akafukula amapeza mitengo yada bii. Chinthu sichichita kufunika lawi kuti chiphwasuke ndi kutentha. Asayansi amakutcha pyrolysis kuphwasuka kotereku, ndipo m'tsamba la fodya kumayamba kutentha kukangodutsa madigiri 200. Mukang'amba kandudu ka IQOS kogwiritsidwa kale ntchito, pomwe panalasa kachitsulo pamakhala pakuda, popserera ngati nsima ya pansi pa mphika.

Pa mfundo imeneyi ndi pomwe Reto Auer ndi anzake a ku Switzerland anaimapo mu 2017, m'nkhani yomwe inatuluka m'magazini ya madokotala ya JAMA Internal Medicine. Iwo anapeza formaldehyde, acrolein ndi carbon monoxide m'chiutsi cha IQOS, nati chimenechi ndi utsi ndithu, kungoti achipatsa dzina lina. Kampaniyo inatsutsa njira imene anayezera, ndipo akatswiri a FDA, bungwe la boma la America loona za chakudya, mankhwala ndi fodya, anapezanso zofooka m'kayezedweko, choncho manambala awo sitingawadalire kwambiri. Koma zoti mankhwalawo alimo, kampaniyo sikana. Ndipo mkangano wa dzinawu si wa chilankhulo chabe. M'mayiko angapo chinthu chikalembedwa kuti n'chopanda utsi, msonkho wake umatsika, ndipo lamulo loletsa kusuta m'malo odyera kapena m'maofesi silichigwira bwinobwino.

Kunena chilungamo, ofufuza osadya nawo ndalama za makampaniwa anatsimikizira kuti kuchepako kulipodi. Bungwe la boma la Germany loona za chiopsezo cha zinthu, BfR, linayeza mu 2018 n'kupeza kuti gulu la formaldehyde ndi anzake latsika ndi 80 mpaka 95 peresenti, pomwe gulu la benzene latsika ndi 97 mpaka 99 peresenti. Komiti ya ku Britain yoona za poizoni inanena mu December 2017 kuti chiopsezo chiyenera kuti n'chocheperapo kusiyana ndi cha ndudu, koma chilipo ndithu. Carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, amatsika kwambiri. Izi n'zenizeni ndipo wozikana akungodzinamiza.

Chimene sichitsika kwenikweni ndi nikotini, chikonga chija chimamangirira munthu ku fodya. A BfR anapeza kuti ndi wofanana ndi wa mu ndudu. Si mwangozi. Chipangizo chosathetsa chibaba palibe wosuta angachigule kawiri. Nikotini si amene amayambitsa khansa kwambiri, koma amathamangitsa mtima, amakweza kuthamanga kwa magazi, amavulaza mwana wosabadwa ndiponso amasokoneza ubongo wa wachinyamata umene ukukulabe.

Pali gulu linanso la poizoni lomwe silidikira moto. Awa ndi ma nitrosamine a fodya, odziwika kwambiri ndi NNN ndi NNK, ndipo onse awiri ali m'gulu loyamba la zoyambitsa khansa pa mndandanda wa IARC, bungwe la WHO lofufuza za khansa. Amapangika tsamba likamauma, makamaka fodya woumitsidwa ndi mphepo ngati bale amene amapachikidwa m'zigafa za ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji. Akakhala kuti ali kale m'tsamba, kutentha kumangowanyamula n'kuwapititsa m'mapapo. M'zipangizozi amatuluka ochepa kusiyana ndi mu ndudu, koma ochuluka kuposa a mu vape, chifukwa chomveka: muli tsamba.

Tsopano ku funso lija loti anawerenga poizoni uti. Munthu akati mankhwala oipa achepa ndi 95 peresenti, tiyenera kufunsa kuti mankhwala ake ati. FDA ili ndi mndandanda wa mankhwala 93 oopsa opezeka mu fodya ndi mu utsi wake. Mndandandawu unapangidwa poyang'ana ndudu, fodya wapamphuno ndi wotafuna, zinthu zomwe anthu akhala akuziyeza kwa zaka zambiri. Ukabwera ndi chinthu chatsopano chosayaka, n'kuchiyeza ndi mndandanda wa zotuluka pamoto, n'zosadabwitsa kuti chikhoza mayeso. Zili ngati kumufunsa munthu wakuba mbuzi ngati anabapo ng'ombe, iye n'kulumbira moona mtima kuti ayi.

Mu 2018 Gideon St. Helen ndi anzake a pa University of California ku San Francisco anawerenga zikalata zomwe Philip Morris inapereka yokha ku FDA. Anapeza kuti kampaniyo inapereka zotsatira za mankhwala 40 okha mwa 93 aja. M'zikalata zomwezo munalinso mankhwala ena 56, osapezeka pa mndandanda wa FDA uja, omwe anali ochuluka mu IQOS kuposa mu ndudu yoyerekezera. Mwa amenewa, 22 anapitirira ndi 200 peresenti, ndipo 7 anapitirira ndi 1,000 peresenti. Ambiri mwa iwo sanafufuzidwepo mokwanira kuti amatani akamalowa m'mapapo tsiku ndi tsiku. Ena ndi okometsera omwe amaloledwa m'zakudya, koma chomwe mimba imalandira bwino si chomwe mapapo amalandira. Ufa timadya, koma ogwira ntchito pachigayo amadziwa chimene fumbi lake limachita pachifuwa.

FDA nayo inawerenga mankhwala 80 omwe anali ochuluka mu IQOS kapena osapezeka n'komwe mu utsi wa ndudu. Anayi mwa iwo amaganiziridwa kuti angayambitse khansa: glycidol, 3-MCPD, furfural ndi 2-furanmethanol. Bungwelo linaona kuti kuchuluka kwake n'kochepa poyerekeza ndi mulu wa poizoni womwe watsika. Mwina n'zoona. Koma taonani komwe ena mwa iwo akuchokera. Glycerol uja, amene anamuthiramo wochuluka kuti chiutsi chizioneka bwino, akatenthedwa amasanduka glycidol ndi acrolein. Njira yochepetsera poizoni wakale ndi yomweyo ikubala wina watsopano.

Ngakhale chipangizo chenichenicho chili ndi mbali yake. Kandudu ka IQOS yoyambirira kali ndi kapulasitiki kopindapinda kamene ntchito yake n'kuziziritsa chiutsi chisanafike pakamwa. Barbara Davis, Monique Williams ndi Prue Talbot a pa University of California ku Riverside anapeza mu 2018 kuti kapulasitikiko kamasungunuka, ndipo pa madigiri 90 okha kamatulutsa formaldehyde cyanohydrin, poizoni yemwe thupi limamuphwanya kukhala formaldehyde ndi cyanide. Anaonanso kuti chipangizo chikapanda kutsukidwa, zotsalira zimaunjikana pa kachitsulo ndipo fodya amapserera kwambiri. Kampaniyo inatsutsa zoti poizoniyo amafika kwa wosuta. Mfundo ya kutsukayo ndiyo imandigwira mtima ine, chifukwa m'labotale amayeza ndi chipangizo choyera, makina akukoka mofanana nthawi zonse, pomwe m'thumba la munthu weniweni muli chipangizo chamwaye chimene mwini wake amakoka mothamanga kuti mphindi 6 zija zisamuthere.

Mtundu watsopano, ILUMA, womwe unatuluka mu 2021, unachotsa kachitsulo kolasa kaja. Tsopano kachitsulo kakang'ono kali m'kati mwa kandudu kalikonse ndipo kamatenthedwa ndi mphamvu ya maginito. Kutsuka kunatha, koma kunabwera vuto lina: ku Japan ndi ku Italy madokotala alandirapo ana aang'ono omwe anameza tindudu totayidwa, kachitsulo kakuthwa kali momwemo. Tinduduti n'tatifupi, sititentha ngati chotsalira cha ndudu, ndipo mwana wokwawa amangotola n'kuponya m'kamwa.

Ku South Korea nkhani inavuta mu June 2018, pomwe unduna woona za chakudya ndi mankhwala unalengeza kuti wapeza benzene, formaldehyde, benzopyrene, NNN ndi NNK m'zipangizozi, ndiponso kuti phula la mitundu ina linali lochuluka kuposa la ndudu. Pa za phulazo makampani anali ndi poyankhira, poti muyeso wa phula umangowerenga kulemera kwa zotsalira osasiyanitsa glycerol ndi poizoni weniweni. Komabe boma silinabwerere m'mbuyo, ndipo kuyambira December chaka chomwecho mapaketi a tinduduti anayamba kuikidwa zithunzi zochenjeza za khansa.

Zonsezi ndi za mu chiutsi. Za m'thupi ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pamene nambala ya 95 ija imasocheretsa kwambiri. Munthu akaimva amaganiza kuti matenda nawonso atsika ndi 95 peresenti. Thupi siliwerengera choncho. Mu January 2018 magazini ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa Allan Hackshaw wa pa University College London, yemwe anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wina 141. Funso lake linali losavuta: wosuta ndudu imodzi patsiku ali pachiopsezo chotani poyerekeza ndi wosuta 20? Mwamasamu tikanati gawo limodzi mwa magawo 20. Zimene anapeza n'zoti mwamuna wosuta imodzi yokha amasenza pafupifupi theka la chiopsezo chowonjezera cha matenda a mtima cha uja wosuta 20, ndipo mkazi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Ndiye kuti wachepetsa utsi ndi 95 peresenti, koma chiopsezo changotsika ndi theka kapena kupitirirako pang'ono. Mitsempha ya magazi imapsa mtima ndi utsi wochepa kwambiri: magazi amayamba kuundana msanga, khoma la mtsempha limatupa. Khansa ya m'mapapo imatsatira kuchuluka kwa utsi mokhulupirika kusiyana ndi mtima, choncho kumeneko phindu la kuchepako lingakhale lalikulu. Koma matenda a mtima ndi sitiroko amaphanso osuta ochuluka zedi.

Gulu la Matthew Springer ku San Francisco linayesa izi pa makoswe mu 2018. Linapeza kuti chiutsi cha IQOS chinalepheretsa mitsempha kutanuka mofanana ndi utsi wa ndudu ya Marlboro. Makoswe si anthu, inde. Koma chaka chomwecho Stanton Glantz, mdani wodziwika wa makampani a fodya, anaunikanso kafukufuku wa Philip Morris pa anthu a ku America omwe anasiya ndudu n'kuyamba IQOS kwa miyezi itatu. Pa zizindikiro 24 za thanzi zomwe anayeza, monga kutupa kwa m'thupi, mafuta a m'magazi ndi mphamvu ya mapapo, 23 sizinasiyane mooneka ndi za amene anapitiriza ndudu. Poizoni wa mumkodzo ndi m'magazi anatsikadi. Thanzi lenilenilo silinasonyeze kusintha kofanana nako m'nthawi imeneyo. Ku Japan madokotala alembaponso za achinyamata omwe anagonekedwa ndi chibayo choopsa chotchedwa acute eosinophilic pneumonia atangoyamba kapena kuwonjezera kusuta fodya wotenthetsayu, ngakhale kuti matendawa sachitika kawirikawiri ndipo ndudu wamba imawayambitsanso.

Ndi chifukwa chake chigamulo cha FDA chiyenera kuwerengedwa mofatsa, poti chimatchulidwa kwambiri potsatsa malonda m'mayiko ena ngati kuti America inavomereza kuti IQOS ndi yabwino. Mu January 2018 komiti ya akatswiri olangiza bungwelo inafunsidwa ngati kampaniyo yasonyeza kuti kusinthira ku IQOS kumachepetsa matenda obwera ndi fodya. Anthu 8 anati ayi, mmodzi sanavote, wovomera panalibe. Mu April 2019 FDA inalola kuti chipangizocho chizigulitsidwa. Mu July 2020 inalola kampaniyo kunena kuti wosiyiratu ndudu n'kusinthira ku IQOS amalowetsa m'thupi mankhwala oipa ochepa. Koma inakana kuti azinena kuti chiopsezo cha matenda chachepa, ndipo inanenetsa kuti chilolezocho sichikutanthauza kuti chinthucho n'chosavulaza. Mwezi womwewo bungwe la WHO linatulutsa chikalata chokumbutsa mayiko mfundo imodzimodziyo. Vuto n'lakuti munthu wamba akamva zoti poizoni wachepa, m'mutu mwake zimamveka kuti matenda achepa. Otsatsa malonda amadziwa zimenezo bwino lomwe.

Anazidziwira kale. Kuyambira m'ma 1970 makampani omwewa ankagulitsa ndudu zolembedwa kuti light ndi mild, zomwe pamakina zinkaonetsa phula lochepa chifukwa cha timabowo ta pa fyuluta. Osuta ankatseka timabowoto ndi zala kapena milomo, n'kumakoka mwamphamvu kuti chibaba chithe, ndipo khansa sinachepe. Mu 2006 woweruza Gladys Kessler wa ku Washington anagamula kuti makampaniwa ananamiza anthu mwadala kwa zaka zambiri, kuphatikizapo pa nkhani ya ndudu zimenezi. Ngakhale nzeru yotenthetsa fodya si yatsopano. R. J. Reynolds inatulutsa Premier mu 1988 n'kuichotsa pamsika chaka chotsatira anthu ataikana kakomedwe, ndipo Philip Morris inayesa Accord mu 1998 osaphula kanthu. Mbiriyi sikutanthauza kuti za lero n'zabodza. Ikungotiuza kuti mawu a wogulitsa ayenera kupimidwa ndi sikelo ya munthu wina.

Sikelo ya winayo ndiyo ikusowa. Bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula kafukufuku wa zachipatala, linaunika nkhaniyi mu January 2022. Linapeza mayeso 11 oyerekeza magulu a anthu, ndipo onse 11 analipiridwa ndi makampani a fodya. Panalibe ngakhale amodzi ofufuza ngati zipangizozi zimathandiza munthu kusiya ndudu. Chomwe chinaoneka n'choti wosinthira amakhala ndi poizoni wochepa kuposa wosuta ndudu, koma wochuluka kuposa wosiyiratu fodya.

Ndipo mawu oti kusiyiratu ndudu aja ndi ofunika kuwagwira. Phindu lonse lomwe linayezedwa ndi la munthu amene wasintha kotheratu. Ku South Korea ndi ku Japan kafukufuku wasonyeza kuti ambiri amagwiritsa ntchito zonse ziwiri: chipangizo m'nyumba ndi m'galimoto kuti akazi awo asadandaule fungo, ndudu kumowa ndi kuntchito. Tikakumbukira zija za ndudu imodzi patsiku, munthu wotereyu mtima wake sunapume. Apanyumba nawonso tsopano akupuma chiutsi chomwe kale chinkathera pakhonde, chokhala ndi nikotini, acetaldehyde ndi tinthu ting'onoting'ono tolowa mpaka pansi pa mapapo, ngakhale kuti n'zochepa kuposa za ndudu.

Mayiko agawanika. India inaletsa zipangizozi mu 2019, Singapore, Thailand ndi Brazil salolanso. Mayiko a European Union amazilola koma analetsa tindudu tokometsera ndi fungo la zipatso kapena menthol kuyambira October 2023. Mayiko omwe ali m'pangano la WHO lolimbana ndi fodya anagwirizana ku Geneva mu 2018 kuti izi ndi fodya ngati fodya wina aliyense, ndipo malamulo a msonkho, kutsatsa ndi kusuta pagulu azizigwira. Malawi inalowa m'panganoli mu 2023. Kwa mlimi wa fodya pali kanthu kenanso koti aziganizire pamene akudikira mitengo ku Kanengo kapena ku Limbe: kandudu kotenthetsa kamadya tsamba losafika theka la lomwe limalowa mu ndudu wamba.

Kwa munthu wosuta paketi patsiku amene walephera njira zonse, kusinthiratu kungamuchepetsere poizoni wina, ndipo sindingamunamize kuti palibe kusiyana. Koma njira zosiyira zomwe zinayesedwa bwino zilipo: chingamu ndi timapepala tomata pakhungu tokhala ndi nikotini, mankhwala monga varenicline ndi cytisine, ndiponso uphungu. Kwa wosasuta, makamaka wachinyamata amene wakopeka ndi maonekedwe a kachipangizoko, nambala ya 95 ija ilibe tanthauzo, chifukwa iye sakuchoka pa 100 kutsika. Akuchoka pa ziro kukwera.

Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anasonyeza kugwirizana kwa ndudu ndi khansa ya m'mapapo mu 1950, ndudu za m'fakitale zitasutidwa kale kwa zaka zoposa 50. Mu 1951 anayamba kutsatira madokotala a ku Britain oposa 34,000, ndipo zinatenga zaka zinanso zambiri kuti zioneke kuti theka la osuta osasiya amafa ndi fodya wawoyo. Khansa ya m'mapapo imatenga zaka 20 kapena 30 isanadzionetse. Anthu oyamba aja a ku Nagoya anakwanitsa zaka 10 zokha akugwiritsa ntchito IQOS mu 2024, ndipo ambiri mwa iwo anali atasuta kale ndudu, zomwe zidzavutitsa madokotala posiyanitsa kuti chawadwalitsa n'chiti.